Zinsinsi zathu zili m'foni, nanga kiyi ali ndi ndani?

Lamulungu lina, nyengo yothyola mphesa itangotha, mayi wina wa kwathu ku Mangochi adandipeza pakhomo ndikuchapa ovololo. Adakhala pachigubu cha madzi osalankhula kwa kanthawi. Kenako adati: "Abambo, andichotsa ntchito. Ndalama za ovataimu za miyezi itatu sanandipatse."

Ndidawafunsa funso limene ndimafunsa aliyense wobwera ndi nkhani yotere: mapepala a malipiro muli nawo? Adati ena adanyowa ndi mvula ya June denga la shaki litadontha, koma onse adali atawajambula pafoni. Ndidati chabwino, tiyeni tione foniyo. Apa ndiye misozi idayamba. Foni idabedwa pamalo okwerera mateksi sabata ziwiri m'mbuyomo. Ndidawalimbitsa mtima kuti mwina zithunzizo zidasungika pa akaunti yawo ya Google, tingozitsegula pafoni ina. Adandiyang'ana n'kuti: "Akaunti yake iti? Anandikonzera ndi mnyamata wa pashopu pomwe ndinagula foni. Pasiwedi sanandiuze, inenso sindinafunse."

Tidakasuma ku CCMA masiku 30 asanathe, monga lamulo limanenera pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Lamulo limalamulanso bwana kusunga kaundula wa maola ndi malipiro kwa zaka zitatu. Koma buku la bwana likamati mudagwira maola 9, inu mukuti 12, inuyo muli ndi chiyani m'manja? Mayiwo adalandira kangachepe, kosafika ndi theka la thukuta lawo.

Kuyambira tsikulo ndidaona kuti ntchito yathu yoimira antchito a m'mafamu siithera pamisonkhano ndi pamakalata. Yafika mpaka m'foni. Ine sukulu ndidalekezera ku pulayimale, za kompyuta ndaphunzira ndili ndi imvi kwa mphwanga amene amakonza mafoni ku Cape Town. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndaziyesa ndekha, komanso zimene taphunzira titapsa kale.

Foni yasanduka sutikesi yathu

Makolo athu amene ankabwera ku Joni nthawi ya Wenela ankasunga zonse m'sutikesi yachitsulo yokhala ndi loko: chiphaso, makalata a kumudzi, ndalama ndi zithunzi. Kiyi ankamumangirira m'chiuno. Ife lero sutikesi yathu ndi foni. Muli chithunzi cha pasipoti, mapepala a malipiro, manambala a abale, mauthenga a ku banki, njira yotumizira ndalama kumudzi, ngakhale zokambirana za komiti. Koma taonani mmene timaisamalira: timaisiya kushopu kuti aitchaje, timabwereka aliyense wofuna kuimba, ndipo loko yake ndi 1234 kapena chaka chimene tidabadwa.

Mlendo m'dziko la eni amapwetekeka kawiri zinsinsi zake zikatuluka. Mwinidziko akabedwa nambala amangopita ku shopu ndi chitupa chake n'kuibweza. Ife ena mapepala athu ali m'njira, ena adatha, ena simu kadi idalembetsedwa m'dzina la munthu amene sitimudziwa n'komwe. Ndiye kusamala kwa ife si nkhani ya anthu a m'maofesi ayi, ndi nkhani ya nsima ya ana.

Mbewu ya makolo ndi mbewu yogula

Mphwanga atayamba kundiuza za open source, ndidamuuza kuti alankhule Chichewa. Iye adaseka n'kuti: "Amalume, mukukumbukira chimanga cha makolo cha agogo? Ankasankha zisononkho zabwino, kupachika pamwamba pa moto, chaka chamawa n'kubzala. Mnansi akapempha ankamugawira. Koma mbewu ya m'sitolo chaka chilichonse mumakagulanso, ndipo mmene adaipangira akudziwa ndi eni ake okha."

Mapulogalamu a kompyuta ndi a pafoni alinso mitundu iwiri yomweyo. Ena ndi otseka: kampani yokha ndiyo imadziwa zimene zili m'kati, ndi zimene pulogalamuyo imatumiza kwa eni ake inu muli mtulo. Ena ndi otsegula, amene amawatcha open source: malangizo onse amene adalembedwa popanga pulogalamuyo ali poyera, aliyense wodziwa angawawerenge, kuwakonza ndi kugawira ena. Ine ndi inu sitingathe kuwerenga malangizowo, zoona. Koma pali anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana amene amatha, ndipo wina akabisamo kachinyengo sipatenga nthawi kuti ena akuwe. Chili ngati chigubu cha mankhwala opopera mphesa: chokhala ndi lebulo ndi chopanda lebulo, mungakonde kugwira chiti?

Nkhaniyi si yachilendo kuno. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux adaiyamba ndi mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991. Mu 2004, Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku Welkom konkuno ku South Africa, adatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa anthu wamba n'kuutcha Ubuntu, mawu omwewo amene ife timati umunthu. Ngakhale Android imene ili m'mafoni a ambirife maziko ake ndi Linux, kungoti makampani amaonjezerapo zawo zotseka pamwamba.

Chenjezo limodzi: chaulere si chonse chili chotsegula. Ma app ambiri aulere amapeza phindu pogulitsa malonda ndi kutolera mbiri yanu. Ndipo uja GB WhatsApp amene anyamata amapatsirana pa Bluetooth chifukwa ali ndi mitundu yokongola, si wa kampani ya WhatsApp ndipo si wotsegula. Palibe akudziwa kuti mauthenga anu akudutsa m'manja mwa yani, komanso nambala yanu ikhoza kutsekedwa. Ngati muli naye, mufufuteni n'kuika weniweni kuchokera pa Play Store.

Gulu la pa WhatsApp si msonkhano wa pansi pa mtengo

Pafamu ina tidali ndi gulu la pa WhatsApp la anthu oposa makumi asanu. Tinkakambirana za ndalama zimene ankadula pa malipiro, poti lamulo la antchito a m'mafamu limati za nyumba zisapitirire 10 peresenti, za chakudyanso chimodzimodzi. Anthu adalankhula momasuka, ena mwaukali. Lolemba m'mawa kapitawo adaitana anthu anayi n'kuwawerengera mawu awo omwe, liwu ndi liwu. Nyengo yotsatira anayiwo sadaitanidwenso.

Ambiri adati WhatsApp yatigulitsa. Ayi, sizidali choncho. Kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa kuchokera pafoni yanu kufika pa ya mnzanu, moti ngakhale kampaniyo siingawerenge mawu anu panjira. Chimene chidachitika n'chakuti wina m'gulu momwemo adajambula skirini n'kupereka. Palibe pulogalamu padziko lapansi imene ingatseke pakamwa pa kazitape.

Komabe pali zina zofunika kudziwa. WhatsApp ndi ya Meta, eni ake a Facebook, amene adaigula mu 2014. Mawu anu sawerenga, koma amadziwa nambala yanu, mtundu wa foni yanu, nthawi imene mumaigwiritsa ntchito ndi magulu amene mulimo. Komanso pagulu aliyense amatha kuona manambala a anzake, ndiye kazitape mmodzi amakhala ndi mndandanda wonse.

N'chifukwa chake ife a komiti tidasamukira pa Signal. Iyi ndi yotsegula, yaulere, ndipo mwini wake ndi bungwe losachita malonda. Njira yotsekera mauthenga imene WhatsApp imagwiritsa ntchito idachokera ku Signal komweko. Kuyambira 2024 munthu amene alibe kale nambala yanu sangaione pa Signal, ngakhale muli gulu limodzi. Mungathenso kutchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha tsiku kapena sabata, kuti foni ikagwa m'manja olakwika asapezemo za chaka chonse. WhatsApp nayonso ili ndi zofufuta zokhazi, zitsegulireni.

Sindikuti tayani WhatsApp. Abale athu kumudzi ali pomwepo, ndipo bandulo yotchipa ya WhatsApp siigwira ntchito pa Signal, pamafunika data wamba. Chimene tidagwirizana ndi ichi: gulu lalikulu ndi la zolengeza basi, monga tsiku la msonkhano, maliro kapena wodwala. Maina a anthu odandaula ndi mapulani zimakambidwa ndi anthu ochepa pa Signal, ndipo zolemera kwambiri timakambirana maso ndi maso, mafoni ali m'thumba. Musanalembe chilichonse pagulu, dzifunseni: kapitawo atandiwerengera mawu amenewa Lolemba, ndingaime nawo?

Manambala 6 amene simuyenera kuuza munthu

Chinyengo ichi chapweteka ambiri. Mumalandira SMS yokhala ndi manambala 6 ochokera ku WhatsApp. Posakhalitsa mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti akulemberani: "Achimwene pepani, ndatumiza code yanga kwa inu molakwitsa, tanditumizireni msanga." Mukangotumiza, WhatsApp yanu yapita. Amene amalembayo sadali mnzanu, idali mbava imene idalanda kale akaunti yake. Tsopano yavala nkhope yanu, ikulembera amayi anu ndi alamu anu kuti mwamangidwa kapena muli m'chipatala, atumize ndalama mwachangu pa nambala yakutiyakuti.

Bambo wina wa ku Dedza amene timagwira naye ntchito, mkazi wake kumudzi adagulitsa mbuzi ziwiri tsiku limodzi chifukwa cha uthenga wotere. Bamboyo nthawi imeneyo adali m'munda akudulira mitengo ya mphesa, foni ili m'chikwama.

Mankhwala ake ndi a mphindi ziwiri. Tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanuyanu ya manambala 6. Mbava ngakhale ipeze code ya pa SMS, ikafika pa PIN imeneyi yaima. Zikakuchitikirani musanatchere, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp nthawi yomweyo. Code yatsopano ikabwera pa simu yanu n'kuilowetsa, mbavayo imatulutsidwa. Ngati idaikapo PIN yake, mungadikire masiku 7. Pamenepo imbirani abale mwachindunji kuti asatumize kalikonse.

Lamulo lake ndi limodzi pa zonse: code ya WhatsApp, OTP ya ku banki, PIN ya Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba, siuzidwa munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampaniko. Ndipo gwirizanani ndi a kumudzi kuti uthenga wopempha ndalama mwadzidzidzi asaukhulupirire mpaka amve mawu anu pafoni n'kukufunsani funso limene mlendo sangayankhe, monga dzina la galu wa agogo.

Chinanso, mukatenga foni kumene mumatchajitsa, onani pa Linked devices mu WhatsApp. Munthu akagwira foni yanu yosakiya kwa mphindi imodzi angailumikize ku kompyuta yake n'kumawerenga zonse muli chikhalire. Mukaona chida chimene simukuchidziwa, chichotseni.

Simu kadi ya pamsewu

Lamulo la RICA limafuna kuti simu kadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Ambirife pofika kuno tidagula yolembetsa kale pamsewu, poti kalata yotsimikiza kumene tikukhala tidalibe. Imagwira bwinobwino mpaka tsiku limene foni yatayika. Mukapita kukapempha kuti akubwezereni nambala, kaundula wawo akuonetsa dzina lina. Nambala yapita, limodzi ndi WhatsApp, mauthenga a ku banki ndi njira yotumizira ndalama. Ngati muli ndi pasipoti, lembetsani nambala m'dzina lanu, ndipo funsani ku shopu ya netiweki yanu kuti ndi kalata yanji ya malo okhala imene amalandira kwa munthu wokhala pafamu kapena m'mashaki. Imbaninso *#06# pafoni yanu, mulembe m'kabuku nambala yaitali ya IMEI imene ituluke. Imafunika pokanena kupolisi ndi potseketsa foni ikabedwa.

A katapila a m'foni ndi ntchito za bodza

Miyezi ya dzinja ntchito ikachepa, ma app a ngongole amaoneka ngati mpulumutsi. Musanaike, onani zimene akupempha. App ya ngongole ikufuniranji kuona manambala onse a m'foni mwanu, zithunzi ndi ma SMS? Ena mukachedwa kubweza amayamba kulembera abale anu ndi abusa anu kukuchititsani manyazi. Pitani pa Settings ya foni, pa Apps, muone chilolezo chimene app iliyonse ili nacho. Tochi safunika kudziwa kumene muli, masewera a mwana safunika maikolofoni. Zosafunika zitsekeni.

Palinso zolengeza za pa Facebook zonena kuti kukufunika antchito kumafamu a ku Ulaya kapena ku Canada, tumizani chithunzi cha pasipoti ndi kandalama kolembetsera. Ndalamayo imapita, koma chachikulu ndi pasipotiyo: ndi chithunzi chake munthu angayese kutenga ngongole kapena kulembetsa simu m'dzina lanu. Wolemba ntchito weniweni sayamba ndi kukulipiritsani.

Dziwani kuti lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la POPIA, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limati wotenga mbiri yanu, kaya ndi bwana, kontilakita, sitolo kapena wobwereketsa ndalama, atenge zokhazo zofunika pa cholinga chimene wanena, azisunge mosamala, ndipo zikabedwa akudziwitseni. Muli ndi ufulu wofunsa zimene akusunga za inu. Lamuloli silisankha kuti uyu ndi nzika, uyu ndi mlendo, ndipo madandaulo amapita ku Information Regulator. Musaganize kuti makampani aakulu salakwitsa: mu 2020 kampani ya Experian idapereka mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni a m'dziko muno kwa munthu amene adanamizira kukhala kasitomala wake. Ndiye wina akakuimbirani n'kutchula dzina lanu lonse ndi kumene mumagula pangongole, si umboni woti ndi wa ku banki.

Nkhokwe yathuyathu

Nkhani ya mayi a ku Mangochi aja itatipweteka, tidakhala pansi a komiti kuti mapepala a anthu tiziwasunga pati. Mphwanga adati pali njira ziwiri: kusungitsa kwa makampani aakulu pa intaneti, kapena kusunga tokha pa kompyuta yathu, zimene odziwa amati self-hosting. Adati: "Amalume, zimene amati cloud si mtambo ayi, ndi kompyuta ya munthu wina. Kuli ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya eni. Mwina asunga bwino, koma kiyi ndi malamulo ndi awo."

Tidapeza laputopu yakale imene mwini wake adafuna kutaya poti inkachedwa. Zotere zachuluka tsopano, chifukwa Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale salola Windows 11. Mphwanga adafufuta zonse n'kuikamo Linux Mint, imene idamangidwa pa Ubuntu. Idadzuka ngati yatsopano, osalipira laisensi ngakhale senti. Laputopu ili ndi ubwino wina: magetsi akazima, batire imagwirizira.

M'menemo muli LibreOffice, yaulere ndi yotsegula, imene timalembera makalata ndi kuwerengera maola. Mwachitsanzo, pa malipiro otsikitsitsa a R28.79 pa ola amene adayamba pa 1 March 2025, ovataimu imalipidwa kamodzi ndi theka, ndiye maola 10 opitirira pa 45 a pasabata ndi R431.85. Munthu akabwera ndi kabuku kake ka maola, timalowetsa, chiwerengero chimatuluka, timasindikiza n'kupita nacho pokambirana. Bwana amamva msanga pepala kusiyana ndi pakamwa.

Adatiikiranso Nextcloud, pulogalamu yotsegula imene idayamba ku Germany mu 2016. Imagwira ngati Google Drive, koma zonse zimakhala pa laputopu yathu. Lamulungu anthu akabwera, foni imalumikizidwa pa Wi-Fi ya m'chipindamo n'kutumiza zithunzi za mapepala a malipiro mu foda ya mwini wake, osadya data. Tidasankha dala kuti isamafikiridwe kuchokera kunja pa intaneti, chifukwa kutsegula khomo limenelo kumafuna munthu wodziwa kulilondera tsiku ndi tsiku, ndipo ife tilibe.

Koma ndinene zoona, walira mvula walira matope. Ukasunga wekha, udindo wonse ndi wako. Tsiku lina mwana adakoka chingwe, laputopu idagwa, hard drive idafa. Chidatipulumutsa ndi chakuti mwezi uliwonse timakopera zonse pa hard drive ina imene imagona kunyumba ina, kutali ndi yoyambayo. Moto wa m'mashaki tonse timaudziwa, sufunsa kuti umu muli mapepala a anthu. Zonse ziwiri n'zotsekedwa ndi pasiwedi kuyambira pozikonza, moti wakuba angapeze chitsulo chokha. Pasiwediyo akuidziwa anthu awiri, chifukwa ikaiwalika palibe kampani yoti n'kuiimbira, zonse zatayika.

Tidaikanso malamulo, poti mndandanda wa alendo ukagwa m'manja oipa ndi mkondo. Sitisunga kanthu munthu asanavomere. Zithunzi za pasipoti ndi ma permit sitisunga pokhapokha mlandu ukufuna, ndipo ukatha timafufuta. Sitilemba paliponse kuti uyu ali ndi mapepala, uyu alibe; pa nkhani ya ntchito sizitikhudza, poti Khoti la za Ntchito lidagamula kale mu 2008 kuti mlendo amene permit yake si yolongosoka ndi wantchito ndithu ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Munthu akamabwerera kumudzi timamupatsa foda yake n'kuichotsa kwa ife. Chimene sunasunge sangakubere.

Si banja lililonse lingakhale ndi laputopu, ndipo sikofunika. Mpingo, gulu la maliro kapena komiti ingakhale ndi imodzi. Pabanja, memory card kapena flash yosungidwa kwa mbale wodalirika imakwanira. Ngakhale akaunti ya Google si yoipa pa zithunzi za mapepala, bola pasiwedi ikhale yanu osati ya mnyamata wa pashopu.

Zoti muchite Lamulungu likubwerali

Khalani pansi ndi mwana wanu kapena mnzanu wodziwako, muchite izi chimodzichimodzi. Safunsa adadya phula.

Choyamba, kiyani foni ndi PIN ya manambala 6 osati chaka chobadwa. Chala n'chabwino, koma kumbukirani kuti munthu angachigwiritse muli mtulo.

Chachiwiri, dziwani dzina ndi pasiwedi ya akaunti yanu ya Google. Ngati adakukonzerani wina, isintheni. Pasiwedi yabwino ndi yaitali, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, amene inu mungakumbukire koma wina sangalote. Ya ku banki isafanane ndi ya Facebook. Ilembeni m'kabuku kosungidwa kunyumba, osati kuseri kwa kava ya foni. Achinyamata amene ali ndi mapasiwedi ambiri angayese Bitwarden kapena KeePassDX, onse ndi otsegula.

Chachitatu, tcherani Two-step verification pa WhatsApp. Pa Privacy, sankhani kuti chithunzi chanu azione okhawo amene muli ndi manambala awo, ndiponso kuti mlendo asakuikeni m'gulu. Ngati mauthenga anu amasungidwa pa Google Drive, tsegulani End-to-end encrypted backup, apo ayi kope limenelo silikhala ndi chitetezo chofanana ndi cha mauthengawo.

Chachinayi, jambulani pepala lililonse la malipiro tsiku lomwelo, kontilakiti ndi makalata a chenjezo, n'kusunga malo awiri. Kabuku ka maola ka pamanja musakasiye: tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka.

Chachisanu, chepetsani zimene mumaika pa Facebook. Chithunzi cha pageti ya famu, yunifolomu ya sukulu ya mwana, risiti yotumizira ndalama, zonsezi zimauza mlendo kumene muli, kumene mwana ali ndi tsiku limene mwalandira. Zimitsaninso location pa kamera.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani Firefox, muikemo uBlock Origin. Imatseka malonda ambiri odumphira pamaso, ndipo data imakhalitsako. Organic Maps nayo ndi yotsegula: mumatsitsa mapu a chigawo chanu kamodzi pa Wi-Fi, kenako imakulondolerani njira ngakhale data ilibe. Polowa Wi-Fi ya pafamu kapena ya pashopu, dziwani kuti mwini wake angathe kuona malo amene mukutsegula, ndipo foni kapena tabuleti ya kampani si yolemberapo za komiti.

Mayi a ku Mangochi aja adapeza ntchito pafamu ina ya zipatso cha ku Ceres. Mwezi wathawu adabwera ndi ana awo awiri, atanyamula kabuku kokutidwa ndi pulasitiki. Adatulutsa foni, kulowetsa PIN atatembenukira kumbali, n'kutumiza okha mapepala a miyezi iwiri mu foda yawo. Nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize, adaibweza pachifuwa n'kuti: "Ayi abambo, ingondiuzani podina. Pasiwedi ndi yanga."